Lipoti la msonkhano: kuika mafunso ndi menyu mu ma script a Linux

A Tcheyamani ndi anzathu nonse a m'gulu,

Munatituma ku msonkhano wa osamalira ma seva a Linux womwe unachitikira ku Chichiri Loweruka lapitali. Funso lomwe munatipatsira linali lakuti ma script athu (mafayilo a malamulo omwe kompyuta imatsatira) a backup ndi otsegulira maakaunti tiwakonze bwanji kuti mphunzitsi woyang'anira labu ya makompyuta ku Ndirande, kapena kalaliki wa mu ofesi ku Limbe, aziwayendetsa yekha osatiimbira foni.

Mfundo yomwe inamanga msonkhano wonse ndi yakuti script iziyamba yagwira ntchito popanda menyu, menyuyo ibwere pambuyo. Ntchito iliyonse ikhale mu function (kagulu ka malamulo kokhala ndi dzina) yakeyake, monga `panga_backup` ndi `tsegula_akaunti`, ndipo munthu akalemba `./labu.sh backup` ntchito iyambe popanda funso lililonse. Menyu izituluka pokhapokha script ikaitanidwa yokhayokha. Mavuto ambiri omwe anaonetsedwa amachokera posakaniza mafunso ndi ntchito.

Funso wamba limafunsidwa ndi `read`:

`read -r -p "Dzina la wophunzira: " dzina`

Musasiye `-r`. Mukaisiya, bash, pulogalamu yomwe imayendetsa script, imameza chizindikiro cha `\`, ndiye wina akalemba `C:\data` inu mulandira `C:data`. Pofunsa pasiwedi onjezerani `-s` kuti zolembazo zisaoneke, kenaka `echo` pa mzere wotsatira, chifukwa `-s` imabisanso Enter ndipo uthenga wotsatira umamatirira pa funso. Kulikonse komwe mwagwiritsa ntchito yankho, lembani `"$dzina"` ndi zizindikiro zake ziwirizo. Dzina lokhala ndi mpata pakati limagawika pawiri mukapanda kutero.

Pa funso lofufuta zinthu, yankho lovomera likhale limodzi lokha, china chilichonse chiwerengedwe ngati kukana:

```
read -r -p "Tifufute? Lembani inde kapena ayi: " yankho
case "$yankho" in
  [Ii]nde) fufuta ;;
  *) echo "Palibe chafufutidwa." ;;
esac
```

Munthu wotopa amangodina Enter osawerenga, choncho Enter yekha asafufute kanthu. Pa script yopukuta disiki yonse anatilangiza kupitirira apo: munthuyo alembe yekha dzina la disikiyo, monga `sdb`, ndipo likasiyana ndi lomwe anasankha poyamba, script iime.

Menyu ya manambala bash ili nayo kale, dzina lake `select`. Mawu ofunsira amaikidwa mu `PS3`:

```
PS3="Sankhani nambala: "
select ntchito in backup akaunti tulukani; do
  case "$ntchito" in
    backup) panga_backup ;;
    akaunti) tsegula_akaunti ;;
    tulukani) break ;;
    *) echo "Palibe nambala $REPLY" ;;
  esac
done
```

Wina akalemba 9 pamene zosankha zilipo 3, `ntchito` imakhala yopanda kanthu ndipo zomwe analemba zimapezeka mu `REPLY`. Mukaiwala `break`, imafunsabe mpaka munthu adine Ctrl-D kapena Ctrl-C. Ntchito ikatha menyu siionekanso yokha, imabwerera munthu akadina Enter osalemba kanthu, ndiye muwauziretu ogwiritsa ntchito. Msampha wina uli pa Ubuntu ndi Debian: kumeneko `sh` ndi dash, mnzake wa bash wocheperako, ndipo dash sadziwa `select`, ngakhale `read -s` kapena `read -t`. Mzere woyamba ukhale `#!/bin/bash`, ndipo muziyendetsa ndi `./labu.sh`. Mukalemba `sh labu.sh`, mzere woyambawo suwerengedwa.

Nthawi yaitali inathera pa whiptail, ndipo n'zomveka, pakuti ndi yomwe imajambula mabokosi osankhamo ndi mivi ya pa kiyibodi, aja mumawaona mu `raspi-config` ya Raspberry Pi. Pa Debian ndi Ubuntu kawirikawiri imakhalamo kale, pa Fedora imabwera ndi phukusi la `newt`.

```
ntchito=$(whiptail --title "Labu" \
  --ok-button "Chabwino" --cancel-button "Bwererani" \
  --menu "Mukufuna kuchita chiyani?" 15 60 3 \
  backup "Kusunga mafayilo pa disiki yakunja" \
  akaunti "Kutsegula akaunti yatsopano" \
  zimitsa "Kuzimitsa seva" \
  3>&1 1>&2 2>&3) || exit 1
```

Manambala 15 60 3 ndi msinkhu wa bokosi, mulifupi mwake, ndi mizere ya menyu yooneka nthawi imodzi. Terminal (sikirini yolembapo malamulo) wamba ili ndi mizere 24 ya zilembo 80, choncho bokosi lopitirira apo limatha kuduka pa monita yolumikiza ku seva ngakhale lioneke bwino pa laputopu yanu.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa `3>&1 1>&2 2>&3`. Whiptail imajambula bokosi pa stdout (njira 1, yotulutsira zotsatira), yankho n'kulitumiza ku stderr (njira 2, ya mauthenga a zolakwika), pamene `$( )` imatola za pa stdout zokha. Kachidutswako kamasinthanitsa njira ziwirizi: 3 imasunga kaye komwe 1 imaloza, 1 imaloza ku sikirini, 2 n'kutenga zomwe 3 inasunga. Anatisonyeza zomwe zimachitika mukakachotsa. Bokosi silioneka, kesa imangophethira pakona, munthu n'kumati kompyuta yafa, chonsecho whiptail ikudikira yankho la funso lomwe lalowa mu variable (dzina losungira yankho, monga `ntchito`). Ndondomeko ya zitatuzo isasinthidwe. Pulogalamu inzake ya dialog ili ndi `--stdout` yochita zomwezo mwachidule, koma iyo imafuna kuiika kaye.

Chinthu chachiwiri ndi nambala yomwe whiptail imabweza: 0 munthu akavomera, 1 akadina batani lobwerera kapena lokana, 255 akadina Esc. Akabwerera, variable imatsala yopanda kanthu, ndipo script yosayang'ana nambalayi imapitirira nayo choncho. Taganizani `rm -rf "/backup/$foda"` pamene `foda` ilibe kanthu: backup yonse yapita. Ichi n'chifukwa chake `|| exit 1` ili pamapeto apo. Mkati mwa function samalani ndi `local foda=$(whiptail ...)`, poti nambala yomwe mumaiona ndi ya `local`, yomwe imakhala 0 ngakhale munthu wakana. Lembani `local foda` pa mzere wake, kufunsako pa mzere wotsatira.

Mabatani a `--yesno` amasinthidwa ndi `--yes-button "Inde" --no-button "Ayi"`, ndipo `--defaultno` imaika kesa pa Ayi. Ngati `--checklist` ikukubwezerani mayankho okutidwa ndi zizindikiro, onjezerani `--separate-output` kuti lililonse likhale pa mzere wake. Chilembo cha ŵ chikamatuluka chosokonezeka, onani `locale`, chifukwa chimafuna UTF-8.

Gawo lomwe ife tinaliona lofunika koposa ndi la nthawi yomwe palibe woyankha. Script ya backup yomweyo mawa wina aiika mu cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti iziyenda usiku. Cron ilibe terminal, ndiye whiptail imalephera, ndipo `read` imabwerera pompopompo yopanda yankho. Ngati `read` ili mkati mwa `while true` yomwe imati "Yankho lolakwika, yesaninso", mawu amenewo alembedwa mosalekeza mu fayilo ya log mpaka disiki kudzaza. Mankhwala ake ndi awiri: `read -r yankho || exit 1` paliponse, komanso `[ -t 0 ]` kumayambiriro kuti script idziwe ngati ikulankhula ndi terminal, ikapeza kuti ayi isatulutse menyu.

Magetsi akathima UPS (batire yogwiriziza seva) n'kuyamba kulira, funso lakuti "Tizimitse seva?" silingadikire munthu yemwe wapita kunkhomaliro. `read -t 30` imadikira masekondi 30, ikatha nthawiyo imabweza nambala yoposa 128, ndipo apo script isankhe yokha kuzimitsa.

Pa SSH, njira yolowera mu seva muli patali, pali zinthu zitatu. `ssh seva ./labu.sh` siipereka terminal, pamafunika `ssh -t`. Netiweki ikaduka, script yomwe imayenda imafera panjira, choncho ntchito zazitali muziziyambira mkati mwa tmux, pulogalamu yomwe imapitiriza ntchito ngakhale mwaduka. Chachitatu n'chobisika: mu `while read -r seva; do ... done < maseva.txt`, `ssh` ya mkatimo imameza mizere yotsala ya fayiloyo, ndipo ntchito imathera pa seva yoyamba popanda uthenga uliwonse. Gwiritsani ntchito `ssh -n`. Funso lofunsa munthu mkati mwa loop yotereyi liwerenge ku `< /dev/tty`, apo ayi liyankhidwa ndi mzere wotsatira wa fayiloyo.

Ena anayamikira gum ndi fzf, mapulogalamu ena opangira menyu. N'zokongola ndithu, koma ziyenera kutsitsidwa pa kompyuta iliyonse, ndipo malabu athu ambiri intaneti yake ndi ya bandulo. Ina yotchedwa Zenity imafuna desktop, pa seva yopanda zithunzi siigwira. Ife tikuona kuti `read` ndi whiptail zikutikwanira.

Tikupempha gulu livomereze kuti script iliyonse idutse mu ShellCheck, pulogalamu yofufuza zolakwika mu script, isanapite ku labu. Iyo imagwira `read` yopanda `-r` pa chenjezo la SC2162, ndi vuto la `local` lija pa SC2155. Fayilo yomwe yadutsa pa Windows ipitenso mu `dos2unix`, chifukwa mizere yothera ndi CRLF (mathero a mzere a Windows) imaononga `#!/bin/bash` ndipo script siiyamba n'komwe. Poyesa, menyu iliyonse idinidwe Esc, Ctrl-C, Ctrl-D ndi Enter yopanda kanthu, kenaka iyendetsedwe ndi `./labu.sh < /dev/null` kuti tione ngati ikuima yokha.

Pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abweretse pa fulashi script yomwe amaigwiritsa ntchito kwambiri. Tiyambira ya backup, kuigawa mu ma function, menyu tiika pomaliza.

Ndife nthumwi zanu.