Liwu lakuti "contagious" tisamalimasulire mwachisawawa

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndinenepo za liwu limodzi la Chingerezi limene lakhazikika m'kamwa mwa anthu ambiri chifikireni matenda a Covid-19 m'dziko muno mu Epulo 2020. Liwulo ndi lakuti "contagious". Ndinaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri ndisanapume pa ntchito, koma chandilembetsa kalatayi si za m'kalasi ayi, ndi zimene ndinaona ndi maso anga kudepoti ya mabasi kuno ku Mzuzu.

Kunali kukugwa mvula yamawawa yozolowereka kuno, ndipo ambiri tinausa pakhonde la sitolo ina. Mtsikana wogulitsa nthochi anagwa khunyu pomwepo, lichero n'kugubuduka. Anthu onse anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. Mnyamata wina wovala tayi, wooneka kuti sukulu anapita nayo patali, anatambasula manja kutchinga anzake nati, "Musamukhudze, zimenezo ndi contagious." Poti ananena m'Chingerezi, anthu anayesa kuti walankhula dokotala. Amene anathandiza mwanayo ndi mayi wogulitsa mandasi, yemwe anapinda chitenje chake, n'kumutsamiritsa kumutu, n'kumugoneka chammbali mpaka anatsitsimuka. Khunyu ndi vuto la mu ubongo, ndipo munthu sangalitenge pokhudza wodwalayo, thovu la m'kamwa mwake kapena mpweya wake, ngakhale kuti ambirife tinakula tikuopsezedwa choncho.

Liwu lakuti "contagious" linachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza kukhudza, ndipo ndi lapachibale ndi "contact". Likanenedwa za matenda limatanthauza nthenda imene imachoka mwa munthu wina kulowa mwa mnzake pokhudzana, potsokomolerana, kapena pobwerekana zovala ndi zofunda. Mphere, zipere ndi chimfine zili m'gulu limeneli. Chikuku ndiye chimaposa, chifukwa mwa anthu 10 osalandira katemera amene akhala pafupi ndi wodwala, pafupifupi 9 amachitenga, ndipo kachilombo kake kamatha kutsalira mumpweya wa m'chipinda kwa maola awiri wodwalayo atatuluka kale. Apa mawu athu akuti "matenda opatsirana" amakwanira bwino lomwe, pakuti kupatsirana kumafuna anthu awiri, wopereka ndi wolandira.

Chisokonezo chimabwera chifukwa Chingerezi chili ndi liwu lina, lakuti "infectious", limene limanena za nthenda iliyonse yoyamba ndi tizilombo tolowa m'thupi, kaya tachokera kwa munthu, kwa udzudzu, m'madzi kapena m'dothi. Nthenda iliyonse ya "contagious" ndi ya "infectious", koma si ya "infectious" iliyonse imene ndi ya "contagious". Taganizani za malungo. Mayi akhoza kugona mphasa imodzi ndi mwana wake wodwala malungo, kumupukuta thukuta usiku wonse, iye osadwala, chifukwa tizilombo take timafuna udzudzu wa mtundu wa Anopheles kuti utinyamule, monga anasonyezera dokotala wa ku Britain, Ronald Ross, ku India mu 1897. Likodzo limadzera m'nkhono za m'madzi a m'nyanja ndi m'madambo. Kafumbata amalowera pabala, kuchokera m'dothi. Wodwala likodzo kapena kafumbata mukhoza kudya naye m'mbale imodzi popanda choopsa chilichonse.

Komatu pawailesi ndi pazikwangwani za uthenga wa zaumoyo ndimamva ndi kuwerenga mawu awiri onsewa atamasuliridwa mofanana kuti "opatsirana". Wina anganene kuti ndi nkhani ya aphunzitsi okonda kusefa mawu basi, koma ine ndikuona kuti liwu limene munthu wamva ndi limene limamuuza chochita. Akamva zoti nthenda ndi yopatsirana, amathawa wodwala. Akamva zoti imafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya, amawiritsa madzi, amathiramo mankhwala a kulorini, amasamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo anansi athu a ku Nkhata Bay anakhudzidwa kwambiri. Njira yaikulu ya kolera ndi madzi ndi chakudya zimene zaipitsidwa ndi chimbudzi cha wodwala. Munthu wongouzidwa kuti kolera ndi wopatsirana akhoza kukana kupereka moni wa pamanja kwa mnzake, kenako n'kukamwa madzi a pachitsime chosatetezedwa mtima uli m'malo.

Chichewa sichisowa mawu. Tili ndi kupatsirana, kutengera, kufala, kufalikira, kuwanda ndi kubuka, ndipo lililonse lili ndi malo ake. Nthenda imabuka pamene yangoyamba m'dera, imafalikira ikamalowa m'midzi ina, ndipo imawanda ikafika ponseponse. Womasulira atangofunsa kaye wa zachipatala kuti nthendayo imayenda bwanji, angalembe kuti "ofalitsidwa ndi udzudzu", "odzera m'madzi" kapena "oyamba ndi tizilombo", n'kusungira "opatsirana" matenda okhawo ochoka kwa munthu kupita kwa munthu.

Ndinenekonso za mbali ina ya liwuli imene inkasokoneza ana anga a sukulu chaka ndi chaka. Eni Chingerezi amanenanso "contagious" za zinthu zimene si matenda konse, monga kuseka, kuyasamula, mantha ndi chimwemwe. Akanena choncho za kuseka kwa munthu, akumuyamikira kuti akayamba kuseka, nonse mumangozindikira mukuseka naye osadziwa n'komwe chaseketsa. Mnyamata wina wa Fomu 2 anandilembera m'kope kuti mayi wa m'nkhani imene tinkawerenga anali ndi nthenda ya m'kamwa, pamene wolemba ankatanthauza kuti kumwetulira kwake kunkasangalatsa aliyense. Sindinamuchotsere malikisi ambiri, chifukwa anatsata tanthauzo loyamba limene analipeza m'dikishonale. Pa kuseka ndi chimwemwe, "infectious" ndi "contagious" amasinthanitsidwa popanda vuto, ndipo mwina m'pamene ambiri amatengera maganizo akuti ngakhale kuchipatala mawuwa ndi amodzi.

Liwu lachitatu la m'banja lomweli ndi "viral", lochokera ku "virus", limene m'Chilatini linkatanthauza poizoni. Abale athu amene amamwa ma ARV amalidziwa bwino m'mawu akuti "viral load", kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Achinyamata a pa WhatsApp ndi Facebook amalitchula ponena za kanema kapena chithunzi chimene chafika pafoni iliyonse m'maola ochepa. Zimenezo zilibe mlandu, ngakhale kuti ine khutu langa limakondabe kumva kuti nkhaniyo yawanda kapena kuti ili m'kamwam'kamwa.

Pempho langa kwa inu akonzi, pamodzi ndi atolankhani anu amene amamasulira zikalata za Unduna wa Zaumoyo, ndi lakuti mukakumana ndi mawu amenewa muzitchula njira imene nthendayo imayendera, ndipo pa khunyu, khansa ndi chialubino muzilemba mosabisa kuti sizipatsirana.

Dzulo ndinadutsanso kudepoti kuja ndipo ndinamupeza mtsikana uja atakhala pamalo pake. Anzake oyandikana naye anali atatsala pang'ono kumaliza malonda, koma lichero lake linali lodzazabe, pakuti amene anaona tsiku lija akumulambalala. Ndinagula phava limodzi, ndipo ndinadya nthochi ziwiri nditaima pomwepo.

Mphunzitsi wopuma,
Chibavi, Mzuzu.