Tiphunzitse bwino nkhani ya pop-up ndi mabokosi ena

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono za mmene achinyamata ambiri akuphunzirira kupanga mapulogalamu a pa kompyuta, makamaka pa nkhani ya kamenyu kaja kamene ukakadina kamatsitsa mndandanda nde iwe nkusankhapo chimodzi, ena amati pop-up ena amati combo box. Ine ndimathandizako ophunzira code madzulo ndipo pafupifupi onse amakodwa pamalo amodzimodzi.

Mtsikana wina anandionetsa pulogalamu yake yosungira mabuku pa Mac, kompyuta ya Apple. Pamwamba pop-up ya mayina a mabuku, pansi timabokosi titatu, ka wolemba, ka chaka ndi ka masamba, ukasankha buku timabokosi tija tisinthe. Iye anachita kulemba code mkati mwa action ya pop-up ija (kachigawo komwe kamayenda pop-up ikadinidwa) yoti munthu akadina itenge bukulo nkudzadza kabokosi kalikonse pakokhapakokha, ndipo zimayenda ndithu mpaka tsiku lomwe anaonjezera batani lofufutira buku. Kufufuta buku, pop-up yadumphira pa buku lina, koma pansi paja pakuonekabe wolemba wa buku lofufutidwa lija, poti palibe amene anadina pop-up nde action sinaitanidwe nkomwe. Anatha masiku awiri akumata code yomweyo malo ena atatu, nkhope ili gwaa.

Zinandiwawa chifukwa mwanayu ndi wakhama, kungoti palibe anamuuzapo kuti pop-up isamalamule mabokosi enawo. Zonse zimayenera kuyang'ana pamalo amodzi pomwe pasungidwa chomwe chasankhidwa. Pa Mac zimenezi zilipo kuyambira 2003 pomwe Apple inabweretsa mu Mac OS X 10.3 Cocoa Bindings, njira yomangira zooneka pa sikirini ku zomwe pulogalamu yasunga kuti zizisinthira limodzi. Umaika NSArrayController, controller yogwira mabuku onse nkumakumbukira lomwe lasankhidwa, nde pa pop-up paja umamanga zinthu zitatu basi, Content ipite ku arrangedObjects (mndandanda wa mabuku mu controller muja), Content Values ipite ku arrangedObjects yomweyo koma ndi key ya dzina la buku, kenako Selected Index ipite ku selectionIndex (nambala ya buku losankhidwa). Timabokosi tapansi tija Value yake umaimanga ku selection ya controller yomweyo, kena wolemba kena chaka. Ukatero kaya wafufuta buku, kaya wasankha lina, kaya code ina yasintha selection mwakachetechete, zonse pa sikirini zimasinthira limodzi chifukwa zikumwa pa chitsime chimodzi.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa Selected Index pomwepo. Amamanga Content yokha, mayina nkuoneka bwinobwino mu pop-up, iwo nkumati zatheka, koma controller sikudziwa kuti munthu wasankha chani nde mabokosi angokakamira pa buku limodzi. Chinanso, ngati ukulemba mu Swift, chilankhulo cha code cha Apple, ma property ako (monga dzina la buku kapena chaka) akhale ndi @objc dynamic apo ayi binding sidzaona kuti china chasintha, pakuti zonsezi zimayendera Key-Value Observing, njira yomwe chinthu china chimauzidwira kuti property yasintha.

Sindikunena kuti ma binding alibe vuto ayi. Ukaphonya chilembo chimodzi mu key path (dzina la chomwe ukumangako) compiler, yomwe imasandutsa code kukhala pulogalamu, sikuuza, umangozindikira pulogalamu ikuyenda kale kenako phuu yagwa, ndipo poti zambiri zabisala mu Interface Builder, chida chokonzera maonekedwe a pulogalamu, kuzilondola kumatopetsa kwabasi. Ndikumvetsa anzanga amene amazizemba. Koma ganizo lake lenilenilo simungalizembe, mukapita ku Windows pa WPF, chida cha Microsoft chopangira maonekedwe a mapulogalamu, mukapeza SelectedItem ya ComboBox ikumangidwa ku property imodzi ndipo INotifyPropertyChanged ndi yomwe imauza enawo kuti chasintha, ku Qt, chida china chopangira mapulogalamu, nakonso kuli QDataWidgetMapper yomangira mabokosi ku model imodzi.

Nde pempho langa kwa inu akonzi ndi loti mutipatseko kadanga mu nyuzi yanu kolongosola zinthu ngati zimenezi mChichewa, chifukwa ine ndaona ndi maso anga kuti nditamuuza mtsikana uja mchilankhulo chathu kuti mabokosi asamamvere pop-up koma amvere controller, anagwira nthawi yomweyo, pomwe documentation yachizungu anaiwerenga kangapo osatolapo kanthu. Ndipo aphunzitsi a code, chonde ophunzira anu muziwauza aonjezere batani lofufutira musanawachongere ntchito, vuto limaonekera pamenepo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzi yanu