Kalata kwa Mkulu wa Apolisi: wonyamula wovulala asamagone m'chitokosi

Bwana Mkulu wa Apolisi,

Landirani moni. Ndine mtolankhani wa pa wailesi ina ya m'dera. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyenda m'midzi ndi kachojambulira mawu, kucheza ndi anthu amene anaona zoopsa ndi maso awo: mboni, anamwino ogwira usiku, achitetezo cha m'mudzi, ngakhalenso apolisi ofufuza milandu amene anapuma pantchito. Ndalemba poyera chifukwa ku polisi ya kwathu ndapondako kanayi, makalata ndasiyako awiri, koma yankho ndi lomwe lija: abwana atuluka, mubwere Lolemba.

Nkhani yanga ndi ya mnyamata wina wa kabaza. Dzina lake ndisunga. Tsiku lina kusanayere bwino, akupita pa siteji, anapeza bambo ali gone m'mbali mwa msewu, atakhapidwa ndi chikwanje m'mutu ndi paphewa, akupumira m'mwamba. Anthu awiri anali atadutsapo kale, onse anangolambalala. Iye anavula malaya n'kumanga pabalapo, ndipo anakuwa mpaka mayi wina anatuluka kudzamuthandiza kukweza wovulalayo pa keliyala. Njingayo sanapalase. Anaikankha, dzanja lina pa handulo, lina litakumbatira munthu kuti asagwe, mpaka ku chipatala chaching'ono, ulendo wa ola lathunthu. Bambo uja anamwalira dzuwa lisanafike pamutu.

Apolisi atabwera anam'peza mnyamatayo atakhala pakhonde la chipatala, buluku lonse lili magazi okhaokha. Anamuuza kuti, tiye ukangopereka sitetimenti. Sitetimentiyo inatenga masiku 9 m'chitokosi. Pamene ndimacheza naye anandiuza funso limene ankamufunsa usiku uliwonse: "Ngati sunam'khape ndiwe, unam'nyamuliranji?" Atanena zimenezi anakhala chete nthawi yaitali, moti ndinazimitsa chojambulira.

Bwana, inu mumadziwa malamulo kuposa ine. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likuti womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48. Mnyamatayu khoti sanalione. Anangomutsegulira chitseko n'kumuuza kuti azipita, popanda ngakhale pepani. Njinga inatsala, akuti ndi umboni. Ndaiona ndi maso angawa kuseri kwa ofesi, matayala ataphwa, tcheni chitachita dzimbiri, udzu utamera m'masipoko. Inali njinga ya ngongole. Lero mwini wake akulima maganyu kuti abweze ndalama za chinthu chimene chikuwola pa bwalo la boma.

Ndiye mudzi wonse waphunzirapo. Miyezi ingapo pambuyo pake wina anagundidwa ndi galimoto pa msewu womwewo. Anthu anaunjikana, ena akujambula ndi mafoni, koma wogwira panalibe. A nyakwawa anandiuza mosabisa kuti iwonso sakanalola mwana wawo kuyandikira. Ndiwadzudzule bwanji?

Sindikunena kuti apolisi onse ndi ouma mtima. Wapolisi wina wofufuza milandu (wa CID) wopuma pantchito, bambo waulemu wake, anandifotokozera mmene zimakhalira. Galimoto ndi imodzi ndipo ilibe mafuta. Pofika pamalo a ngozi mumapeza khamu lapondaponda paliponse. Magolovesi palibe, kamera ndi foni yako yomwe, kwinaku abwana akufuna dzina la woganiziridwa dzuwa lisanalowe. Zikatero, anatero bambowo, amene ali ndi magazi pa buluku ndiye wapafupi. Ndinawamvetsa. Koma umphawi wa ofesi usamalipiridwe ndi munthu amene anachita chifundo.

Zina zimene mboni zimakumana nazo ndingotchula mothamanga. Mayi wina wapita ku khoti kasanu ndi ndalama zake za thiransipoti, mlandu n'kumangoimitsidwa. Wina anapereka umboni mwachinsinsi, mawa lake abale a womangidwa anali pakhomo pake akudziwa mawu onse amene ananena. Wina akutunga madzi pa mjigo umodzi ndi mkazi wa munthu amene iye anamuloza kuti ndi wolakwa, munthuyo atatuluka pa belo, mboniyo osauzidwa n'komwe.

Ndipo anthu saiwala, Bwana. Wophunzira Robert Chasowa atapezeka atafa pa sukulu ya ukachenjede ya Polytechnic ku Blantyre mu September 2011, tinauzidwa kuti anadzipha, kenaka bungwe lofufuza mu 2012 linapeza kuti anachita kuphedwa. Issa Njauju wa ku bungwe lothana ndi katangale la ACB anaphedwa mu July 2015, ndipo malonjezo oti chilungamo chioneka tinawamva mpaka makutu kuwawa. Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019, asanamalize kunena zimene ankadziwa pa nkhani ya kubedwa kwa mwana wachialubino wa ku Dedza. Pa mlandu wa kuphedwa kwa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga, umene unagamulidwa mu 2022, mmodzi mwa opezeka olakwa anali wapolisi. Mlandu umenewo unafika pamapeto chifukwa panali anthu amene analimba mtima n'kulankhula. Timati mlandu suwola, koma mboni imakalamba, imasamuka, imachita mantha n'kutseka pakamwa. Nthawi zonse mneneri wa apolisi amamaliza ndi mawu akuti amene akudziwapo kanthu abwere adzatiuze. Abwere kuti akagone pati?

Pempho langa nali. Lembani kalata yopita ku mapolisi onse a m'dziko muno, yoti aliyense aiwerenge pa bolodi, yonena kuti munthu amene wafikitsa wovulala ku chipatala kapena wanena za mtembo alembedwe ngati mboni ndipo abwerere kwawo tsiku lomwelo, pokhapokha pali umboni wina woposa magazi a pa zovala. Katundu wake ajambulidwe n'kumubwezera. Ndipo wapolisi woulula dzina la mboni ayankhe mlandu, ife timve pa wailesi kuti wayankha.

Za njinga ija, Lolemba likubwerali ndipitanso, ulendo wachisanu. Ndidzapita ndi mwini wake, ngakhale wandiuza kale kuti iye akadikira kutsidya kwa msewu, pageti sakalowa.

Ndine wanu,
Mtolankhani wa pa wailesi ya m'dera