Zikomo pothetsa kudontha kwa oyilo pa galimoto ya malemu bambo anga

Kwa Abwana oyang'anira garaja,
pamodzi ndi amakaniko anu onse,
Mangochi Boma.

Okondedwa Abwana,

Patha masabata atatu chitengereni galimoto yanga pa garaja panu, ndipo ndinachita dala kudikira ndisanakulembereni. Usiku uliwonse ndakhala ndikuyala katoni pansi pa injini, m'mawa n'kukaisuzumira ndisanamwe n'komwe tiyi. Mpaka lero katoniyo ilibe ngakhale kadontho kamodzi.

Ndikhulupirira mukuikumbukira, Eunos Roadster yofiira ija ya 1992, imene kwina amaitcha Mazda MX-5, ya mipando iwiri ndi nyali zochita kutukuka ukaziyatsa. Inali ya malemu bambo anga. Anthu ambiri andiuzapo kuti ndiigulitse, ati galimoto yotsika choncho si ya misewu yathu, koma ine ndikagwira chiwongolero chake ndimakumbukira maulendo amene tinkapita limodzi ku Monkey Bay. N'chifukwa chake zinkandiwawa kuiona ikusiya chithaphwi chakuda paliponse pamene ndaimika, ndipo ndikaima pa msika fungo la oyilo wopserera linkachita kulowa m'kati.

Ndisanabwere kwa inu ndinapita kwina kawiri. Oyamba anangomata silikoni m'mbali mwa chivundikiro cha mavalavu pamwamba pa injini. Achiwiri anasuzumira pansi kamodzi kokha n'kunena kuti yatha ndi seal yakumbuyo, mphira wotseka oyilo pakati pa injini ndi giyabokosi, ndiye tiyenera kutsitsa giyabokosi yonse. Ndinatsala pang'ono kukatenga ngongole.

Amakaniko anu sanayambe ndi sipanala. Anayamba atsuka injini yonse mpaka inaoneka chitsulo chake, anaisiya padzuwa kuti iume, kenako anawaza paudala wa ana kumbuyo ndi m'mbali mwake. Ndinadabwa, ndinafunsa. Makaniko wina, bambo wachikulire uja, anandiyankha modekha kuti, "Achimwene, oyilo amatsikira pansi. Pamene mukumuona akudontha si pamene wachokera." Anailiza kwa kanthawi, mnyamata wophunzira ntchito uja atagwira tochi, ndipo tonse tinaona kamzere kakuda kakuyenda pa paudala woyera uja, kuchokera pamwamba, kuseri kwa hedi, mutu wa injini.

Kumeneko kuli kachipangizo kozunguzidwa ndi camshaft, kamene kamauza kompyuta ya galimoto nthawi yoti mapulagi athetheke. Kamatsekedwa ndi kamphira kozungulira kamodzi kokha, kokwana pachikhatho. Atakachotsa anandipatsa kuti ndikagwire. Kanali kataumiratu ngati pulasitiki, ndipo nditangokapinda kanathyoka. Oyilo ankachucha pamenepo n'kumatsetsereka mpaka pamene injini imakumana ndi giyabokosi, ndiye wongoyang'ana pansi sakanalephera kunamizira seal yakumbuyo. Ndinaonanso kuti asanamasule bawuti anayamba alemba chizindikiro pomwe kachipangizoko kanali, ndipo atabwezera anayeza timing, nthawi yothethekera mapulagi ija, ndi nyali yake kuti ikhale pa madigiri 10 monga imafunikira. Gasiketi ya chivundikiro nayo inali itatha, moti mabowo awiri a mapulagi anali ndi oyilo. Anapala silikoni yense uja moleza mtima, n'kuika yatsopano, ndipo anasinthanso valavu ya PCV, yotulutsira mpweya wounjikana m'injini, imene inali itatsekeka n'kumachititsa kuti mpweya wa m'injini uzikankhira oyilo panja.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi payipi ya hita. Ine sindinaitchule, sindinkaidziwa n'komwe. Kuno ku Mangochi ndani amayatsa hita ndi kutentha kwathuku? Koma anandionetsa kuti madzi oziziritsa injini amadutsabe m'menemo, ndipo oyilo wodontherapo kwa zaka anali ataifewetsa, yatupa ngati nthochi yakupsa. Ikanaphulika ndikukwera phiri la Chowe, injini ikanatentha n'kuwonongekeratu, ndipo ya galimoto ngati iyi simungangoipeza pa shopu.

Zipangizo zina zinachokera ku Blantyre ndipo zinachedwa masiku anayi. Munandiimbira foni nokha kundiuza, ndiponso simunafune kuika kamphira kongofanizira kuti galimoto ituluke msanga. Za seal yakumbuyo munandiuza zoona, kuti ikadali bwino ndipo tisaikhudze. Mukanakhala chete n'kutsitsa giyabokosi, ine ndikanalipira osadziwa kanthu.

Loweruka lapitali ndinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera mpaka ku Namwera n'kubwerera. Nditafika kunyumba ndinasolola kandodo koyezera oyilo, ali pomwe munamusiya. Mayi anga, amene anasiya kukwera galimotoyi chifukwa cha fungo lija, anapita nawo ndipo njira yonse ankakamba za bambo.

Chonde mundithokozere amakaniko onse, makamaka bambo wachikulire uja ndi mnyamata wa tochi amene anapsa chala pa ekizozi koma sanadandaule. Ndatumiza chambo pang'ono ndi amene wabweretsa kalatayi, mugawane. Ndibweranso mwezi wamawa kuti tidzasinthe lamba wa timing monga munandilangizira.

Ine kasitomala wanu wothokoza,
mwini wa Roadster yofiira.