Lipoti la msonkhano wa za mawu, tanthauzo ndi zinthu zimene mawuwo amaloza

A Wapampando ndi anzanga nonse a gulu lathu la omasulira,

Ndabwerako ku msonkhano wa masiku awiri umene munandituma ku Zomba, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha thandizo lanu pa ulendowu. Zokambirana zinali zambiri, koma ndikhalitsa pa nkhani imodzi, poti ndiyo ikukhudza mndandanda wa mawu umene tikukonza.

Funso la tsiku loyamba linali lakuti: kodi tanthauzo la liwu ndi chinthu chimene liwulo likuloza? Ambirife tinavomera msanga. Mwana akafunsa kuti nkhuku n'chiyani, si umangomulozera pabwalo? Otsogolera zokambirana anatiuza za Gottlob Frege, katswiri wa masamu wa ku Jena ku Germany, amene mu 1892 anapereka chitsanzo cha nyenyezi ya m'mawa ndi nyenyezi ya madzulo. Ziwirizi ndi chinthu chimodzi, pulaneti ya Venus. Tanthauzo likanakhala chinthu cholozedwacho basi, kuuza munthu kuti nyenyezi ya m'mawa ndi yomwe ija ya madzulo kukanafanana ndi kumuuza kuti nthanda ndi nthanda, osatolapo kanthu. Koma munthu amatolapo nzeru yatsopano. Choncho Frege anasiyanitsa chinthu cholozedwa ndi njira imene liwu limationetsera chinthucho.

Apa mpamene mayi ena achikulire anaimirira n'kutikumbutsa nthano ya Anyanja, yakuti mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wake wa madzulo, Puikani, amamudyetsa bwino mpaka anenepe. Wa m'mawa, Chekechani, amamumana chakudya mpaka aonde. Anzanga, mtima wanga unadumpha. Makolo aja ankayang'anitsitsa kumwamba: mwezi ukangokhala umaonekadi kumadzulo dzuwa litangolowa, dera limene nyenyezi ya madzulo imawalira, ndipo ukatsala pang'ono kufa umaoneka kum'mawa mbandakucha. Venus imakhala miyezi ingapo mbali imodzi, n'kusowa, n'kudzatulukira mbali inayo, ndipo ulendo wonsewo umatenga masiku pafupifupi 584. Ndani sakanaganiza kuti ndi akazi awiri? Tsono womasulira akalemba "Venus" pa mayina onse awiri, walozadi chinthu cholondola, koma nthano yaferatu m'manja mwake, chifukwa mkazi woumira ndi mkazi wopatsa asanduka munthu mmodzi.

Tsiku lachiwiri tinalowa m'mawu amene saloza kanthu. Mu 1905 Bertrand Russell, katswiri wa kaganizidwe kozama wa ku Britain, anasinkhasinkha za chiganizo chakuti mfumu ya France ya masiku ano ndi yadazi, pamene France ilibe mfumu. Chiganizocho chimamveka bwinobwino ngakhale palibe munthu woti n'kumuloza. Ife tinachiyesa pa liwu lakuti napolo, ndipo mtsutso unakula. Ena anati limaloza madzi, matope ndi miyala zogumuka m'phiri. Ena anati limaloza chinjoka chimene anthu amati chikusamuka. Ine ndinaima pakati, ndipo ndikadali pomwepo: munthu wa ku Phalombe akati "napolo wadutsa", tonse timamva, ndipo timathamangira kukathandiza tisanagwirizane za chinjokacho. Otsogolera anati izi zikuyandikira maganizo a katswiri wina wa kaganizidwe kozama, Ludwig Wittgenstein, amene anasindikizidwa mu 1953, iye atamwalira kale, akuti nthawi zambiri tanthauzo la liwu limapezeka m'mene anthu amaligwiritsira ntchito. Gawo lokamba za Ferdinand de Saussure, katswiri wa zilankhulo wa ku Switzerland, linali lalifupi, ndipo ndidzalifotokoza pakamwa tikakumana.

Chandivutitsa pobwerera n'chakuti mndandanda wathu uli ndi mizere iwiri yokha, liwu la Chingelezi uku, la Chichewa uku, ngati kuti mawu ndi zikwangwani zokhomedwa pa zinthu. Taonani "wafa", "wamwalira" ndi "watisiya". Onsewa akunena chochitika chimodzi, koma palibe mwa ife amene angafike pa siwa n'kuuza namfedwa kuti amayi ake afa. Wowerenga mndandanda wathu sangadziwe zimenezi.

Pempho langa ndi lakuti tiwonjezere mzere wachitatu, wokhala ndi chiganizo chachitsanzo, komanso wonena kuti liwulo amalankhula ndani, kwa yani, pa nthawi yotani. Ntchito ichuluka, ndikudziwa, ndipo mwina tichedwerapo. Ndikupempha a Wapampando kuti aike nkhaniyi pa zokambirana za Loweruka likubwerali, ndipo aliyense adzabwere ndi mawu awiri kapena atatu oloza chinthu chimodzi, tidzayesere pamenepo.