Kuthokoza pa malipoti a MRI ya bondo

Kwa Mkulu wa Nthambi Yojambula ndi MRI,
Blantyre.

Bwana,

Talemba kuthokoza inu ndi anzanu chifukwa cha malipoti a bondo omwe odwala athu a kuno ku Zomba akubwera nawo.

X-ray imaonetsa mafupa basi. Meniscus, chicherewechere chooneka ngati chilembo C chomwe chimakhala pakati pa fupa la ntchafu ndi la msongolo, sichioneka pa X-ray, koma MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, imachionetsa. Bondo lililonse lili ndi ziwiri, cha mkati ndi cha kunja.

Chomwe tayamikira kwambiri n'choti simungolemba kuti meniscus "yang'ambika". Mumanena malo ake. Gawo limodzi mwa magawo atatu la kumphepete limalandira magazi, ndiye dokotala wa mafupa akasoka limatha kupola. La mkati lilibe magazi, kusoka sikuphula kanthu kawirikawiri. Mumasiyanitsanso giredi 1 ndi 2, pomwe mzere woyera wooneka pachithunzi, wosonyeza kuwonongeka, uli mkati mwa meniscus mokha, ndi giredi 3, pomwe wafika pamwamba kapena pansi pa meniscus ndipo ukuoneka pa zithunzi ziwiri zotsatizana. Wa giredi 2 sayenera mpeni. Kungoti ambiri akaona mawu achingerezi papepala amayamba kufunafuna ndalama za opaleshoni, pomwe akufunika mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu.

Bondo la wosewera mpira likakana kuwongoka, timakayikira kuti chidutswa chong'ambika chapindikira pakati, chija mumati bucket-handle. Mukachiona mumalemba pamwamba penipeni kuti apite msanga kwa a mafupa. Mwachita bwino, chifukwa kukakamiza bondo lotere ndi mafizo kumangowononga. Chimodzimodzi muzu wa meniscus (pomwe imamatirira ku fupa la msongolo) ukaduka, meniscus n'kusunthira kunja kupitirira mamilimita 3: chicherewechere china, chokuta nsonga za mafupa, chimayamba kutha msanga.

Pa chicherewechere cha pafupacho, magiredi 1 mpaka 4 akutithandiza. Pa 4 fupa latsala poyera, ndipo timadziwa kuti ululu wa agogo ukuchokera ku nyamakazi, osati ku kung'ambika kwa meniscus komwe achikulire ambiri ali nako popanda kumva kuwawa.

Tithokozenso ojambula. Amafunsa za zitsulo m'thupi ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino), amaika bondo bwino mu koyilo (chipangizo chozungulira bondo pojambula), n'kumuuza wodwala kuti makina achita phokoso koma asagwedezeke kwa mphindi 20 kapena 30. Akasuntha pang'ono zithunzi zimasokonekera, ulendo wa ku Blantyre n'kubwereza.

Pempho lathu ndi limodzi: muziikanso zithunzizo pa CD pamodzi ndi lipoti.

Ife anu,
Ogwira ntchito ya mafizo, Zomba