Abwana akuti ndigulitse katundu wa mayi amene anatulutsidwa m'nyumba

Azakhali,

Malangizo anu ndimawerenga pafoni ngakhale ndili kuno ku Joni, ndiye lero ndati nane ndibwere ndi langa chifukwa mutu wangoima.

Ine ndimayang'anira nyumba ina ku Rosettenville, kummwera kwa Johannesburg. Ndi nyumba imodzi yaikulu koma eni ake anaidula zipinda zipinda, kuseri anamanganso tina, ndiye muli a ku Mozambique, a ku Congo ndi ife Amalawi. Ine ndimasesa, kukonza mipope ikaphulika ndi kukumbutsa anthu za lendi, mmalo mwake ndimagona ulere m'kachipinda ka pageti.

M'chipinda china munkakhala mayi wina wa kwathu ku Mulanje ndi kamwana kake. Ndi telala, ankasoka madiresi ndi mayunifomu a amayi a mvano. Bizinesi itavuta lendi inayamba kuunjikana, R1,800 pa mwezi, mpaka ngongole inapitirira R10,000. Abwana sanachite zija amachita malandilodi ena kuno zongosintha loko kapena kudula magetsi, ayi ndithu, anapita ku khothi monga limanenera lamulo lija la PIE la 1998, loletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chilolezo cha khothi, mapepala anabwera, tsiku linaperekedwa, kenako masherifu anabwera kudzamutulutsa. Pamenepo ine ndilibe mawu.

Nkhani ndi ya katundu. Tsiku limenelo zinthu zonse anazitulutsira panja pa geti, ndiye mukudziwa mvula ya kuno ya masana imangobwera mwadzidzidzi ndi matalala omwe, kumwamba kunali kutada kale. Mayi uja anangonyamula zikwama ziwiri ndi mwana kumbuyo, nkundiuza kuti achimwene ndisungireni, ndikapeza bakkie (kagalimoto ka pikapu) ndibwera. Abwana anavomera kuti tilowetse mu galaja. Muli firiji, bedi ndi matilesi, mbaula ya magetsi, makina osokera a Singer, ndi matumba atatu a mizere aja omangidwa kale ndi selotepi, pamwamba analemba dzina la mayi ake ndi nambala ya kumudzi, kusonyeza kuti amafuna atumize pa ma transporter. M'kachitini ka mabisiketi ndinapezamo satifiketi yake ya MSCE, khadi la kusikelo la mwana ndi zithunzi za ukwati. Chimenecho ndinachichotsa, chili pansi pa bedi langa.

Chichokereni sanabwerenso. Foni yake siikupezeka, pa WhatsApp meseji imangokhala ndi kachizindikiro kamodzi. Ena kutchalitchi akuti anakwera basi kupita kumudzi chifukwa mayi ake akudwala, ena akuti ali ku Tembisa kwa mchemwali wake, kaya zoona ndi ziti. Nambala ya pa matumba ija ndinaimba, anayankha ndi bambo wina amene anangoti tamva, muzisunga bwino, osabwezanso foni.

Pano abwana atopa. Galajayo akufuna aisandutse chipinda cha lendi, ndiye andilamula kuti firiji ndi makina ndizijambule ndiike pa Facebook Marketplace, ndalama ndiwapatse achotsere pa ngongole, zotsalazo ndiponye panja a Pikitup, kampani yotola zinyalala mumzinda muno, atole kapena anyamata otola zotayidwa ndi matrole aja atengeko. Akuti lamulo limawalola chifukwa katundu wa munthu wa ngongole ya lendi ndi chikole cha landilodi.

Apa ndi pamene ndikukayika. Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu amene anakhalitsa kuno anandiuza kuti chikole chimenecho chilipodi, koma landilodi sangangotenga yekha nkugulitsa, amayenera adutsenso ku khothi, katundu amalembedwa ndi sherifu ndipo wogulitsa pa okushoni ndi sherifu yemweyo. Anatinso Rental Housing Act ya 1999 imaletsa kulanda katundu wa munthu wa lendi popanda chilolezo cha khothi kapena cha Rental Housing Tribunal, bwalo loweruza mikangano ya malandilodi ndi anthu a lendi. Pepala la khothi limene abwana ali nalo ndinaliona ndi maso anga, limakamba zotulutsa munthu basi, za firiji mulibe. Ndiye mayi uja akadzatulukira mawa nkupita ku polisi, adzati wagulitsa ndani? Akaunti ya Facebook ndi yanga, nkhope pa chithunzi ndi yanga, wolandira ndalama m'manja ndi ine. Abwana ali ndi loya, ine ndili ndi chani? Komanso mukudziwa ife akunja nkhani ya polisi timaiopa ngakhale mapepala ali bwinobwino.

Nanga ndikakana? Ntchito yatha ndipo pogona patheranso pomwepo, ndikhala ine wotsatira kutulutsidwa. Kusunga m'chipinda mwanga sizingatheke, bedi langa lomwe limatsekereza chitseko. Malo osungira katundu olipira pa mwezi aja alipo koma ndilipire ndi chani, ndalama imene ndimapeza theka imapita kwa ana ku Phalombe.

Chinanso chikundiwawa ndi makina aja. Firiji munthu atha kugulanso, koma makina kwa telala ndi khasu lake, mukamulanda basi mwamudula manja, ngakhale ngongoleyo adzaibweza bwanji. Ndipo Amalawi kuno timadziwana, nkhani imafika ku Limbuli msanga kuposa basi. Pagulu lathu la WhatsApp wina wayamba kale kuponya mawu akuti pali anthu ena akulemera ndi katundu wa anzawo, sanatchule dzina koma aliyense akudziwa amene ali ndi kiyi wa galaja.

Ndiye Azakhali ndithandizeni. Kodi katundu wotere munthu amayenera kumusunga mpaka liti asanati wasiyidwa? Ndikuganiza zolemba zonse papepala, kujambula chilichonse, mboni ziwiri zisaine, kenako ndipemphe abusa asunge makina ndi matumba atatu aja kutchalitchi, koma kodi pamenepo abwana sadzati ndawabera chikole chawo? Ku Tribunal ndamva kuti salipiritsa, koma ine si landilodi komanso si wa lendi, angandimvere? Kapena ndipite ku Legal Aid? Ndipo abwanawa ndiwauze bwanji mwaulemu kuti ngati akufuna kugulitsa apitenso ku khothi okha, popanda ine kutaya ntchito? Akuti mwezi ukamatha galaja ikhale yopanda kanthu.

Ndine wanu wothedwa nzeru,
Rosettenville, Johannesburg